Amayi a m'kambiya ka Bulaza Kanjerwa

Ana anga, mwezi wathawu pa maliro a msuweni wanga ku Kabudula ndidamva mwamuna wina, amene pa nthawi ya zinthuzi adali asanamere ndi mano omwe, akusimbira anzake nkhani yanga ngati kuti adalipo. Adati wansembe adawaza madzi odalitsa pa kambiya kanga, ndipo kadzidzi adatulukamo n'kuulukira kumanda. Anzakewo adagwedeza mitu. Ine ndidali pa mpando kumbuyo kwawo, koma sadandizindikire. Pa maliro sitikangana, choncho ndidatseka pakamwa. Koma pepala si maliro. Kadzidzi kudalibe, madzi odalitsa sadawazidwe, ndipo palibe wansembe amene adandiyeretsa. Ndilemba monga zidachitikira, kuti ndikadzagona musadzaphunzire mbiri ya atate wanu kwa anthu a pa mowa.

Chaka cha dzombe

Ndidachoka ku seminale nditaphunzira zaka zisanu ndi chimodzi, ndikudziwa Chilatini, Chingerezi ndi masamu. Sadandichotse, monga ena amanenera. Ndidapempha ndekha, chifukwa amayi adadwala chifuwa ndipo mlongo wanga Nasitaziya adali wamng'ono kuti awasamale yekha. Ndidafika kwathu, kufupi ndi Nsaru, dzombe litadya mapira ndi chimanga mpaka minda kuoneka ngati yometedwa. Amayi adamwalira patapita miyezi itatu. Ndidawagwira mutu ndine, ndipo ndidaona ndi maso anga akuwatsitsira m'manda.

Titameta, ndidapita ku mishoni ina kumadzulo kwa Lilongwe, imene dzina lake sinditchula, kukafuna ntchito ya uphunzitsi kapena ukalaliki. Mkulu wa pamenepo adali wansembe wa ku Falansa amene anthu adamutcha Bambo Msangamsanga, chifukwa ndiwo mawu amene ankatuluka m'kamwa mwawo kuposa ena onse. Adawerenga kalata yanga ali chiimire, nati: "Aphunzitsi ndili nawo. Wophika adathawira ku Joni. Ukufuna kapena sukufuna? Msangamsanga!" Ndidachita manyazi, munthu wa Chilatini kukagwira chipande, koma kunyumba kudalibe chakudya. Ndidavomera.

Ntchito yaikulu m'khitchinimo idali kadzutsa wa pa ulendo. Masiku amenewo wansembe sankadya kapena kumwa kanthu asanachite Misa, ndipo ansembe athu ankanyamuka m'bandakucha pa njinga kupita ku matchalitchi a m'midzi, ena cha ku Mpingu, ena mpaka kufupi ndi Namitete. Ankadya dzuwa litakwera, Misa itatha, pansi pa mtengo. Motero zonse ndinkazikonzeratu dzulo lake madzulo: mazira owiritsa, mbatata yootcha, chikondamoyo chokulunga m'masamba a nthochi, ndi khofi wa m'botolo lokutira ndi chiguduli chonyowa. Kwathu chakudya chogona timati mkute, ndipo munthu sauonetsa kwa alendo. Azungu ankachita kuuphika mwadala mkutewo. Chimene chinkandivuta ndi buledi. Chotupitsa chochokera m'tauni chinkafika chitafa ndi kutentha, ndipo buledi wanga ankatuluka wolimba moti Bambo Msangamsanga tsiku lina adakhomera naye msomali wa nsapato kuti andichititse manyazi.

Zaka za Bulaza Kanjerwa

M'chaka changa chachiwiri kudabwera bulaza wa ku Italiya, mbale wodzipereka ku Mpingo koma osati wansembe, kudzamanga sukulu. Adali wamfupi, wa manja aakulu, ndipo anthu adamutcha Kanjerwa. Tsiku lofika asanamwe ndi madzi omwe, adalowa m'khitchini, natulutsa m'malaya mwake kachitini kokulunga ndi nsalu. M'katimo mudali phala loyera, lonunkha ngati thobwa losasa. Adalikhuthulira m'kambiya, nathiramo ufa wa tirigu ndi madzi ofunda, navundikira ndi nsalu. Adandiuza kuti kaphalako adachoka nako kwawo, ndipo adakadyetsa tsiku ndi tsiku pa sitima yonse. Kenaka adakatchula dzina m'chinenero chake, nandifunsa kuti pa Chichewa tingati chiyani.

Apa ndi pamene padagona cholakwa, ndipo cholakwacho chidali changa. Mawu akewo adafanana ndi mawu a Chilatini amene ndinkawadziwa bwino. Ndikadatha kungoti chotupitsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ndidafuna kuti mzunguyo adziwe kuti wophika wake si munthu wamba. Ndidayankha monyadira kuti, "Amayi." Iye adaomba m'manja. "Amayi! Eya! Amabereka buledi, sakufa." Kuyambira tsiku limenelo kambiyako tinkakatcha amayi.

Bulaza adamanga uvuni ya njerwa yonga chulu kuseri kwa khitchini, ndipo m'menemo adandiphunzitsa chakudya cha kwawo chotchedwa pitsa. Mdzukulu wanga wa ku hotela amayesa kuti chidafika dzana. Ndimuuza pano kuti ine ndidachiphika atate ake asanabadwe, ndiponso m'mitundu itatu. Woyamba udali wopyapyala, wa m'mudzi wa atate ake a Bulaza. Mtanda unkatambasulidwa ndi manja okha. Tsiku limene ndidaupsinja ndi botolo sadandilankhule mpaka madzulo. Pamwamba tinkapaka phwetekere wosinja, mchere ndi mafuta pang'ono, n'kuponya m'uvuni yotentha kwambiri. Ukanena Atate Athu katatu, yapsa, ndipo inkadyedwa pomwepo. Wachiwiri udali wochindikala, wa kwawo kwa amayi ake omubala, wophika m'thireyi yopaka mafuta, mtanda utatupa kawiri, pamwamba pali anyezi ndi matemba m'malo mwa tinsomba ta kwawo. Umenewu unkakoma utagona. Wachitatu udali wopinda pakati ngati chikwama, m'kati muli dzira ndi tchizi, m'mphepete motsina ngati mpendero wa nsalu. Umenewu ndiwo udakhala kadzutsa wa pa ulendo, pakuti sunkatayika m'thumba la njinga. Bambo Msangamsanga ankati wopyapyala uja ndi buledi amene adagwa pa msewu galimoto n'kumuponda, koma ndiwo ankatsiriza mbale. Tsamba lonunkhira la kwawo litasowa, Bulaza adapeza m'tchire mpungabwi, nati ndi mbale wake wa tsambalo. Ndidamuuza kuti kwathu mpungabwi timauona m'nyumba ya maliro. Adangoseka, nauwaza pamwamba pa phwetekere wofiira uja.

Amayi ankakhala m'kachipinda kosungiramo ufa, kopanda zenera, ndipo kiyi ndinkavala m'khosi chifukwa cha makoswe ndi anthu a manja oyabwa. M'mawa uliwonse Bulaza, popita ku njerwa zake, ankaima pakhomo n'kufuula ndi Chichewa chake chothyoka:

"Inyasiyo! Amayi wadyetsa iwe?"

"Ndawadyetsa, Bulaza."

"Akupuma?"

"Akupuma bwino. Lero adzuka msanga."

"Tsekera bwino. Mphepo asamve, anthu asaone."

Pa nthawi yomweyo pakhomo pankakhala mayi wina wa m'mudzi mwathu, a Nachisale, amene ankatunga madzi a ku khitchini. Ankatula mtsuko pomwepo. Zaka zinayi adamva mawu amenewa m'mawa uliwonse, ndipo ine, ndi maphunziro anga onse, sindidaganizepo n'kamodzi komwe kuti akumveka bwanji m'makutu mwa munthu amene adalira maliro a amayi anga.

Inu amene mudakulira m'tauni mwina simudziwa. Kwathu anthu ankakhulupirira kuti munthu wofuna kulemera amapha mbale wake m'matsenga. Amene amaikidwa m'manda amakhala thunthu la nthochi, pamene mwini wake, atadulidwa lilime, amabisidwa m'chipinda cha mdima, kumene amadyetsedwa ufa wosaphika n'kumagwirira ntchito womupha uja. Ameneyo ankamutcha ndondocha. Tsono taonani: amayi amwalira, mwana wawo apeza ntchito kwa azungu, anenepa, avala nsapato, agula njinga, ndipo ali ndi chipinda chopanda zenera chimene kiyi wake sachoka m'khosi.

Zizindikiro zidalipo, koma ndidaziwerenga molakwa. Anthu adaleka kupempha makoko a buledi. Amayi a m'mudzi ankapatuka m'njira ndikamadza, ine n'kumayesa ulemu. Tsiku lina ndidamtengera Nasitaziya pitsa yochindikala. Adailandira ndi nsonga za zala, nayang'ana kufiira kwake ndi masamba a mpungabwi, nati adzadya pambuyo. Pobwerera ndidaiona kuseri kwa nkhokwe, itakwiriridwa ndi phulusa.

Ndivomerenso china chimene sindidauzepo munthu. Masana, ansembe akagona ndipo mishoni yonse ili zii, ndinkalowa m'kachipinda kaja kukatapa ufa. M'mdimamo munkamveka kaphokoso, phwii, kenaka chete, kenakanso phwii, monga amapumira wodwala chifuwa akagona tulo. Nsalu ya pa kambiya inkatukuka pang'onopang'ono popanda woigwira. Fungo lake losasa lidali lofanana ndi la m'nyumba imene ndidadwaziramo amayi. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndi ufa ndi madzi. Komabe tsiku lina ndidadzidzimuka nditagwada pambali pake, nditanena kale kuti, "Mwaswera bwanji?" Ndipo choopsa sichidali kufunsako ayi. Choopsa chidali chakuti ndidadikira yankho.

Chaka chimene Mataliyana adagwidwa

Nkhondo ya azungu itakula, dziko la Bulaza lidaima mbali ya adani a Angerezi. M'nyengo yachisanu, tsiku lina masana, kudabwera galimoto ya boma ndi apolisi awiri kudzamtenga. Anthu adadzaza pabwalo, omanga, ana a sukulu, odwala a ku chipatala. Bulaza adakwera ndi kabokosi kake, ndipo galimoto itayamba kuyenda adaimirira, nandiloza, nafuula anthu onse akumva: "Inyasiyo! Amayi asafe! Dyetsa tsiku lonse! Ine ndibwera!" Sindidamuonenso. Nditatembenuka ndidapeza kuti anthu onse andisiyira malo aakulu, ndipo palibe amene ankayang'ana galimoto.

M'mwezi womwewo ndidafuna kukwatira mayi wanu, Agnesi, mwana wa mphunzitsi wa ku Mpingu. Tidali titagwirizana, chotsala chidali ankhoswe. Ndidapita kwa atsibweni anga a Kamtedza, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba yathu. Popanda iwo kudalibe ukwati, ngakhale wa ku tchalitchi. Ndidawapeza akusanja fodya m'chigafa. Sadandipatse mpando.

"Atsibweni, ndabwera ndi nkhani ya ku Mpingu ija."

"Ndamva. Ukufuna wina woti akakhale nawo m'chipinda chija, eti?"

"Chipinda chiti, atsibweni?"

Adaika pansi tsamba la fodya. "Mphwanga, ine ndidakumba nawo manda aja. Thupi lidali lopepuka, ndidadabwa, koma ndidati ndi matenda. Zaka zonsezi ndakhala ndikukanira anthu. Tsopano mzungu wako wanena yekha pabwalo. Ndikufunsa kamodzi: kodi mlongo wanga umampatsa ndiwo, kapena ufa wokhawokha?"

Ndidafotokoza za chotupitsa, za sitima, za Chilatini. Adandisiya mpaka ndidatha, nati: "Chilatini ine sindichidziwa. Ndidziwa kuti ufa supuma. Ku Mpingu sindipita, ndipo akandifunsa chifukwa ndidzawauza."

Ndidakauza Bambo Msangamsanga. Iwo adakwiya ndi umbuli wa anthu, koma mankhwala awo adali achidule. "Ufa wa tirigu ukusowa, nkhondo ino. Kataye m'dzenje kambiyako, nkhani ithe. Msangamsanga!"

Masiku atatu ndidalingalira. Ndikakana, ndikhoza kuchotsedwa ntchito. Ndikataya, ndaswa mawu a munthu amene adandiphunzitsa zonse. Koma chachikulu chidali ichi, chimene mzungu sakadachiona: kutaya kambiyako kukadakhala kuvomera. Anthu akadati wawapha kachiwiri kuti abise umboni, ndipo dzina limenelo likadakhala pa ine ndi pa ana anga mpaka kalekale. Kuwaonetsa m'kati sikukadathandizanso, pakuti akadati ndawasandutsa phala. Ndidabwerera kwa Bambo ndi kuwauza kuti sinditaya, ndipo ndidapempha masiku asanu ndi awiri. Adandiyang'ana ngati wamisala, nati tsiku lachisanu ndi chitatu ndidzatuluka ine kapena kambiya.

Ndidapitanso kwa atsibweni, ndipo ndidaima patali, pamaso pa anthu. "Mwati ufa supuma. Kaguleni nokha ufa wa tirigu kwa Mmwenye ku Nsaru. Mutenge kambiya katsopano, madzi atunge akazi anu. Musakanize ngati phala la mwana, muvundikire, muike pafupi ndi mafuwa. Tsiku lililonse muonjezere dzanja limodzi la ufa ndi madzi pang'ono. Ine sindiponda m'mudzi muno mpaka tsiku lachisanu ndi chiwiri. Kakapanda kupuma, nenani chilichonse chimene mufuna." Ndidalankhula molimba mtima, koma ndinkadziwa zimene Bulaza adandiuza: kuti amayi atsopano sagwira nthawi zonse, makamaka m'chisanu, ndipo nthawi zina amangovunda. Chisanu cha chaka chimenecho chinkapsereza masamba a mbatata m'madimba.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri

Ndidafika dzuwa lili paliwombo, kambiya ka ku mishoni nditamangirira pa njinga. M'mudzi mudali zii. Mitondo idali chigonere, pa mafuwa padalibe utsi. Anthu onse adakhala pansi pa mtengo wa mkuyu, kutali ndi nyumba ya atsibweni, ndipo chitseko cha nyumbayo chidali chotsekera kunja ndi mpiringidzo. Akazi awo adali atathawira kwa mnzawo masiku awiri apitawo. Atsibweni adakhala okha pakhonde, maso ofiira, msana atatsamira chitseko.

"Kayamba liti?" ndidafunsa.

"Dzana," adayankha motsitsa mawu. "Kadayamba ndi kunong'ona."

Adatsegula, natulutsa kambiya kawo atakanyamula ndi manja awiri monga tinyamulira khanda. Nsalu idali itatukuka, phala likusefukira m'mbali, thovu likuphulika pang'onopang'ono. Ndidaika ka ku mishoni pambali pake n'kuvundukula. Tikambiya tonse tiwiri tinkapuma. Mtima wanga udadumpha ndi chimwemwe, ndidayesa ndapambana. Koma mwamuna wina pa gulupo adaimirira, nati: "Nanga chodabwitsa n'chiyani? Wawasamutsa! Theka wasiya uko, theka watumiza kuno. Munthu wokhwima salephera zimenezo." Anthu adang'ung'udza movomera. Ndidaona kuti nzeru zanga zandithera.

Pamenepo padamveka kulira. Adali a Nachisale, otunga madzi aja, amene adafalitsa nkhani yonseyi. Adachoka pa gulu, nalowa m'nyumba mwawo, natuluka ndi kachikho kovundikira ndi mbale. Adakaika pansi patali ndi mapazi awo, nabwerera m'mbuyo. Kudapezeka kuti tsiku logula ufa adapempha dzanja limodzi la ufawo kwa akazi a atsibweni, kuti ayese okha mobisa, adzandigwire bodza. Padalibe amene ankadziwa, ngakhale ine. Masiku awiri adakhala nako m'nyumba akuopa kuuza munthu. Mbale ija inkagwedezeka pamwamba pa thovu.

"Chotsani kwathu!" adalira. "A Kamtedza, auzeni alongo anu achoke, ine ndidangolankhula zimene ndidamva!"

Atsibweni adayang'ana kachikhoko, nayang'ana a Nachisale. Kenaka adafunsa pang'onopang'ono: "Nachisale, kodi mlongo wanga adalowapo m'nyumba mwako?"

"Ayi."

"Chiyambire mkangano wa dimba uja, adamwapo madzi ako?"

"Ngakhale moni sankandipatsa."

"Pa maliro a mwamuna wako adakhala kuti?"

"Kunja, pa dzuwa. Adakana mphasa yanga."

"Udani wa zaka makumi awiri," adatero atsibweni, akutembenukira kwa anthu. "Mlongo wanga ndimamudziwa ine. Mfiti ikhoza kumuika m'kambiya ka mzungu. Ikhoza kumuika m'kambiya kanga. Koma palibe mankhwala pansi pano amene angamulowetse m'nyumba ya Nachisale, wamoyo kapena wakufa. Uwu ndi ufa."

Mayi wina adayamba kuseka, ena natsatira, mpaka mwamuna wotsutsa uja adakhala pansi akupukusa mutu. Nasitaziya adabwera, naviika chala m'kambiya ka ku mishoni, nalawa, nakwinya nkhope, nati, "Achimwene, zaka zonsezi tinkaopa thobwa losasa?" Adagwada, nandigwira dzanja.

Atsibweni okha sadaseke. Adakhalanso pakhonde, kambiya kawo kali pa miyendo, akuyang'ana thovu. Ndidasendera pafupi, ndipo adalankhula kuti ndimve ine ndekha.

"Masiku awiriwa ndakhala ndikumuuza nkhani, mphwanga. Za ana, za fodya, za amene adamwalira iye atapita. Ndimati akumva." Adavundikira ndi nsalu mosamala. "Ndiye kuti ali kumanda ndithu."

"Ali kumanda, atsibweni."

Adalira pamenepo, mwamuna wamkulu, mokweza, monga sadalirire tsiku loika maliro, ndipo kuseka konse kudatha. Tidakhala nawo mpaka adatonthola. Atapukuta m'maso ndi chikhatho, adayang'ana njinga yanga, nati:

"Kodi chinthu chakochi chimanyamula anthu awiri? Ku Mpingu n'kutali, ndipo ine miyendo idatha."